OIMA PA MSIKA KUFIKIRA MADZULO

Mau owerenga: Mateyu 20:1-16 ndi Deuteronomo 24:14-15.

Mwa mafanizo onse a Ambuye Yesu, fanizo la antchito a m'munda wamphesa ndilo limene anthu a ku Malota, m'mzinda wa Livingstone, sasowa wowamasulira. Pakuti zimene linena aziona ndi maso ao tsiku ndi tsiku. Mwini munda analawira m'mamawa kukafuna antchito, napangana nao malipiro a tsiku limodzi. Anabweranso pa msika dzuwa litakwera, ndi pa usana, ndi dzuwa litapendeka, ndipo nthawi zonsezo anapezapo anthu. Potsiriza anadza litatsala ora limodzi kuti kude, napeza ena ali chiimire. Ndipo pamene anawafunsa chifukwa chake ataya tsiku lonse, iwo anayankha kuti panalibe wowalemba. Mwini munda sanatsutse yankho lao, ndipo sanawatche aulesi ai, koma anawatumiza kumunda. Ndipo madzulo anawapatsa malipiro athunthu monga anzao oyamba aja.

Aphunzitsi a Mpingo anena zoona pophunzitsa kuti fanizoli linena za chisomo cha Mulungu, chimene sichigulidwa ndi kuchuluka kwa maora. Komatu Ambuye anatenga chithunzi chimenechi pa misika yeniyeni ya dziko lao, pamene anthu opanda minda anali kudikira ganyu. Chotero nkoyenera kuti wowerenga afunse: anthu otere achokera kuti, ndipo aimiranji pa msika uwu, osati wina? Mbiri ya mzinda wa Livingstone iyankha funso limeneli momveka, ndipo chiphunzitso chake ndi ichi: ntchito isamuka, anthu naitsata, koma mtengo wa munthu pamaso pa Mulungu susamuka pamodzi ndi ntchitoyo.

I. NTCHITO IITANA

Kale dziko la pa mathithi a Mosi-oa-Tunya linali la Aleya ndi Atoka, anthu a mafumu Mukuni ndi Musokotwane, ndipo panalibe mzinda. David Livingstone anaona mathithiwo m'chaka cha 1855. Koma chimene chinamanga mzinda wotchedwa dzina lake ndicho njanji. Njanji yochokera ku Bulawayo inafika pa mtsinje wa Zambezi mu 1904, mlatho unatha mu 1905, ndipo Azungu amene anali kukhala pa Old Drift, pamene malungo anapha ambiri, anasamukira pa mtunda wa mchenga pamene pali mzinda lero. Mu 1911 mzindawo unakhala likulu la dziko lonse la Northern Rhodesia.

Pamenepo msika wa antchito unatseguka. Njanji inafuna okumba ndi onyamula. Boma linafuna apolisi, amithenga ndi alembi. Nyumba za Azungu zinafuna ophika ndi ochapa. Ndipo kampani ya Zambezi Saw Mills inafuna odula ndi ocheka mitengo ya mukusi, niyala njanji yakeyake kulowa m'nkhalango za ku Mulobezi. Kumidzi nakonso kunali chokankha anthu, ndicho msonkho, umene boma linaufuna m'ndalama. Ndipo munthu wokhala kutali ndi msika, ngakhale nkhokwe yake inali yodzala, analibe pogulitsa chimanga chake. Chimene anatha kugulitsa ndi mphamvu ya manja ake.

Tsono Alozi anatsika ndi mtsinje m'mabwato. Aluvale ndi Ambunda anadza kuchokera kumtunda kwa Zambezi. Atonga anatsata njanji. Ndipo Achewa, Angoni ndi Ansenga a ku Fort Jameson, kumene lero kutchedwa Chipata, anadza ambiri a iwo m'ntchito ya upolisi ndi ya m'maofesi. Ena anangogona usiku umodzi, nawoloka mlatho kunka ku malasha a ku Wankie ndi ku Bulawayo.

Mtundu wa ntchito ndiwo unasankha mtundu wa wobwera. Macheka ndi njanji zinafuna amuna amphamvu, chotero akazi ndi ana anatsala kumudzi kulima okha. Boma la masiku amenewo linayesa munthu wakuda mlendo chabe m'tauni: nyumba yake inamangidwa pa ntchito yake, ndipo chitupa chake chinayenera kuonetsa dzina la womlemba. Ntchito ikatha, nyumba yatha, ndipo munthuyo anayenera kubwerera kwao. Umo ndimo msika uwerengera munthu: umfuna ali ndi mphamvu, numtaya mphamvu zitatha.

II. NTCHITO ISAMUKA

Wowerenga ayang'ane tsopano momwe mwini ntchito wa dziko lino asamukira osatsazika.

M'zaka za m'ma 1920 mkuwa wambiri unapezeka kumpoto, ndipo migodi ya ku Luanshya, Nkana ndi Mufulira inayamba kukoka amuna a m'zigawo zonse. Mu 1930 antchito a kumeneko anali pafupifupi 30,000; koma malonda atagwa pa dziko lonse lapansi, mu 1932 sanafike ngakhale 10,000, ndipo otsalawo anabwerera kumidzi manja ali m'khosi. Mu 1935 boma linasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kunka ku Lusaka, ndipo alembi, amithenga ndi ophika anatsata mabwana ao.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, malamulo oletsa anthu kukhala m'tauni anatha, ndipo mabanja athunthu anayamba kudza. Ku Livingstone kunamangidwa mafakitale osoka zobvala ndi oluka mabulangete, yopanga mawailesi, ndi ina yolumikiza magalimoto a Fiat. Amene anaona masiku amenewo akumbukira khamu la anthu likutuluka m'makomboni m'mawa kunka ku ntchito. Nyumba za boma sizinakwanire, ndipo makomboni onga Malota, pafupi ndi Maramba, anadzala ndi anthu obwereka chipinda chimodzi.

Koma dzuwa linapendeka. Mu January 1973 malire a ku Rhodesia anatsekedwa, ndipo njira ya pa mlatho inazirala kufikira 1978. Njanji ya TAZARA, imene inatha mu 1975, inapereka njira yina yotulutsira mkuwa cha kumpoto, ku Dar es Salaam. Mitengo ya mukusi ya pafupi ndi njanji inachepa, ndipo ntchito ya macheka inafooka. Mtengo wa mkuwa unagwa cha m'ma 1975, ndipo unakhala pansi zaka zambiri. Chitapita chaka cha 1991, boma linatsegula malire a malonda, katundu wakunja ndi zobvala za salaula zinasefukira m'misika, ndipo mafakitale a ku Livingstone anatsekedwa imodzi imodzi. Ku migodi nakonso anthu zikwi zambiri anachotsedwa ntchito. Kalembera wa 1980 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a m'Zambia, pafupifupi 40 anali kukhala m'matauni. Wa 2000 anapeza pafupifupi 35. Mtsinje wa anthu unabwerera m'mbuyo.

Pambuyo pake kunamveka kuitana kwina. Chitapita chaka cha 2000, alendo odzaona mathithi anachuluka tsidya lino la Zambia, mahotela namangidwa m'mbali mwa mtsinje. Ndipo mu 2013 mzindawo, pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ya ku Zimbabwe, unalandira msonkhano waukulu wa maiko onse wa za ulendo. Ntchito imeneyi inasankhanso anthu ake: inafuna achinyamata odziwa Chingerezi, ndipo akazi ambiri anapezamo malo, koma wocheka matabwa ndi wosoka wa pa makina a kale sanaitanidwe. Nthawi yomweyo migodi ya Kansanshi, imene inayambanso mu 2005, ndi ya Lumwana, mu 2008, inakokera amuna ku Solwezi. Mu 2011 boma linalamula kuti likulu la chigawo cha kumwera lisamukire ku Choma. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka njira za alendo, ndipo mahotela anatuma antchito ao kunyumba. Kumidzi nako chilala cha 1992, cha 2019 ndi cha 2024 chinatulutsa alimi m'minda yao, monganso matenda a denkete anatha ng'ombe za Atonga ambiri.

Taonani tsono anthu a ku Malota. Alipo mdzukulu wa wocheka mukusi, amene sadziwa mudzi wa agogo ake. Alipo wosoka wa m'fakitale, amene lero asokera pa khonde. Alipo mlimi amene mvula inamkana. Alipo mtsikana amene anamaliza sukulu, nadikira kuitanidwa ku hotela. Aphwanya miyala, agulitsa makala ndi ndiwo pa msika wa Maramba, asema ziboliboli, awolotsa katundu pa njinga kudutsa mlatho, asenza mabwato a alendo pokwera zigwembe za Batoka. Mafunde onse a ntchito anasiya anthu pa gombe limeneli, ndipo mafundewo atabwerera, anthu anatsala. Amenewa ndiwo oima pa msika kufikira madzulo.

III. MAU KWA WOFUNA KUNYAMUKA

Malembo saletsa munthu kutsata chakudya. Ana a Yakobo anatsikira ku Aigupto pa nthawi ya njala. Rute anachoka ku Moabu nakakunkha m'minda ya ku Betelehemu. Akula ndi Priskila, atapitikitsidwa ku Roma, anakasoka mahema ku Korinto, ndipo Paulo anagwira nao ntchito. Ulendo wofuna ntchito si tchimo ai.

Koma mnyamata wa ku Kalomo, wa ku Sesheke kapena wa ku Petauke, asanagulitse mbuzi za amake kuti apeze ya basi, akhale pansi nawerengere mtengo, monga Ambuye analangiza womanga nsanja. Adzifunse: kodi ntchito imene yamveka ilipodi lero, kapena ndi mbiri ya dzana? Kodi ifuna manja onga ake? Kodi adzagona kwa yani, ndipo mwini nyumbayo wabvomera? Pakuti mbiri ya ntchito iyenda pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri ifika kumudzi ntchitoyo itatha kale. Wobwera kudzacheza pa Krisimasi aonetsa nsapato zatsopano, koma sanena za ngongole ya nyumba. Akulu anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

IV. MAU KWA WOIMA PA MSIKA

Mdani wamkulu wa munthu wosowa ntchito si njala yokha, koma manyazi. Manyazi ndiwo amletsa kutumiza mau kwao, popeza alibe chotumiza pamodzi ndi mauwo. Mwezi upita, chaka chipita, lamya ya amake iitana iye osayankha. Ndipo munthu amene ananyamuka ndi mtima wabwino asanduka mtchona. Manyazi omwewo amkhazika pa mowa, kumene kuli anzake osamfunsa kanthu. Ndipo amlowetsa m'nyumba ya mkazi wina, pamene mkazi wa pa ubwana wake ali kulima yekha.

Munthu wotere amve bwino: Mtumwi Paulo, polembera Atesalonika za munthu wosayenera kudya, ananena za wokana ntchito, sananene za wokanidwa ntchito. Amene alawira tsiku ndi tsiku nayendayenda pa zipata za mahotela ndi pa malo omanga nyumba, nabwerera wopanda kanthu, alibe mlandu pamaso pa Mulungu chifukwa cha chimenecho. Sindiye anatseka fakitale, sindiye anagwetsa mtengo wa mkuwa. Mlandu wake uyamba pamene abisala kwa abale ake, naiwala pangano la ukwati wake. Chifukwa chake anene zoona kwao, ngakhale zili zowawa. Asanyoze ganyu waung'ono, pakuti phwiti akhuta ndi njere imene nkhwazi siiona. Ndipo ngati aona kuti msika wamkana ndithu, ndipo munda ulipo kwao, asachite manyazi kubwerera. Naomi anabwerera ku Betelehemu wopanda kanthu, ndipo m'kubwerera kwakeko ndimo Mulungu anakonzera nyumba ya Davide.

Otsala kumudzi nawonso ali ndi mbali yao. Asayese kuti yense wokhala m'tauni atola ndalama pa mseu. Mapempho osaleka a abale ndiwo athawitsa ana ambiri. Ndipo mwana wobwerera chimanjamanja akalandiridwa ndi chitonzo, anzake amene amva sadzabweranso. Kholo lachikristu limlandire mwana wake chifukwa ali mwana, osati chifukwa cha katundu ali pamutu pake.

V. MAU KWA WOLEMBA ANZAKE

Pamene antchito achuluka ndipo ntchito ichepa, wolemba ali ndi mphamvu yaikulu, ndipo pomwepo pali yeso lake. Chilamulo cha Mose chilamula kuti wolembedwa waumphawi, ngakhale mbale ngakhale mlendo, alandire malipiro ake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pamenepo. Ndipo Yakobo achenjeza kuti malipiro omanidwa apfuula kufikira m'makutu a Ambuye.

Mau amenewa sanena kwa eni mahotela okha. Anenanso kwa Mkristu wa ku Malota amene alemba mnyamata woumba njerwa, namuuza kuti abwere mawa, ndi mawa linzake. Anena kwa mai amene atenga kamtsikana kumudzi, nalonjeza makolo ake kuti kadzapita ku sukulu, koma nkukasandutsa kolera ana kopanda malipiro. Anena kwa mwini nyumba amene ataya kunja katundu wa mkazi wamasiye chifukwa cha mwezi umodzi. Anena kwa kapitao amene afuna chiphuphu, kapena choipa choposa chiphuphu, kwa mtsikana wopempha ntchito. Onsewa akumbukire kuti mzinda uno waona kale olemba anzao akusanduka opempha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo pali tchimo lina limene fanizo lilitchula poyera, ndilo kung'ung'udza kwa oyamba. Olembedwa m'mamawa aja sanamanidwe kanthu. Chinawapweteka ndicho kuona omalizira ayesedwa ofanana nao. Momwemonso m'mzinda wa mitundu yambiri, ntchito ikachepa, amveka mau akuti obwera atha malo. Ndipo amene ali ndi mpando ayamba kulemba a chilankhulo chake okha, nati wako ndi wako. Koma ku Malota ndani amene makolo ake sanadzepo ndi mtolo pamutu, kapena sanalandirepo mlendo? Ndipo ndani alibe mwana kapena mphwake amene lero ali mlendo ku Solwezi, ku Lusaka kapena ku minda ya nzimbe ya ku Mazabuka? Monga munthu afuna kuti mwana wake alandiridwe kumeneko, momwemo alandire mwana wa mnzake kuno.

VI. MAU KWA MPINGO

Mpingo sungathe kutsegula mafakitale otsekedwa, ndipo ulibe ulamuliro pa mtengo wa mkuwa. Koma uli nacho chimene msika ulibe, ndicho kudziwa munthu ndi dzina lake. Mwini munda uja anapita ku msika kasanu pa tsiku limodzi. Sanakhale pakhomo kudikira kuti osowa amfune. Anatuluka yekha, ndipo ulendo wake wotsiriza unali wa kwa iwo amene ena onse anawapitirira.

Chotero akulu a Mpingo wa kumudzi asalole Mkristu kunyamuka wopanda kalata yomdziwitsa ku Mpingo wa kumene apita. Ndipo akulu a m'tauni asadikire kalatayo pa chitseko cha tchalitchi, koma ayende m'tinjira ta m'komboni, nafunse amene wafika chatsopano. Mlendo asafunsidwe poyamba za chopereka chake. Mkristu amene wamva za malo a ntchito auze wosowa, osayang'ana mtundu wake. Mmisiri wa matabwa, wa njerwa kapena wa makina osokera atenge mwana mmodzi wa mnzake namphunzitse. Pakuti luso la m'manja liyenda ndi mwini wake kulikonse, ngakhale fakitale itatsekedwa. Amai a chigwirizano, amene adziwa kale kusonkha chilimba ndi kugwirana manja pa maliro, atsegule bwalo lao kwa mkazi wachilendo amene alibe mbale m'mzindamo. Ndipo posankha akulu ndi atumiki, Mpingo usayang'ane amalipiro a pamwezi okha; wophwanya miyala woopa Mulungu ayenera mpando umenewo monga kalaliki wa m'boma.

Mpingo ukachita zimenezi, ulalikira ndi ntchito zake chimene fanizo liphunzitsa: kuti kuli Mwini munda wina amene sawerengera monga msika uwerengera. Msika ufunsa zaka za munthu, mphamvu zake ndi mapepala ake a sukulu; ukamgwiritsa, umuiwala. Koma Iye amene anasiya ulemerero wake, nakhala mmisiri wa matabwa ku Nazarete, nayenda m'dziko wopanda potsamira mutu, adziwa kulemera kwa tsiku lopanda ganyu. Sanasamutse likulu lake, ndipo chipata chake sichinatsekedwepo. Aitana wamphamvu ndi wofooka, mbadwa ndi wobwera, wa m'mamawa ndi wa madzulo. Ndipo malipiro ake, ndiwo moyo wosatha, apatsa athunthu kwa yense wobvomera kuitanako.

M'masiku akudzawa ena adzafika ku Malota ndi chikwama chimodzi, ndipo ena adzachokako kutsata mbiri ya ntchito kwina. Palibe adziwa kumene msika udzaitanira mawa. Mulungu wa Abrahamu, amene anatsogolera atumiki ake m'maulendo ao onse, asunge onyamuka ndi otsala. Apatse osowa ntchito chakudya cha lero ndi mtima wosataya chiyembekezo. Apatse olemba anzao mantha oyera ndi dzanja lolungama. Ndipo asonkhanitse onse m'mudzi umene uli nao maziko osagwedezeka, mwa Yesu Kristu Ambuye. Amen.